Felemu ya Vanessa: matabwa ndi abwino, koma gulugufe uja si wa ku Greece

Mng'ono wanga anachira mu Juni, mwana wamkazi, chisamba chake, dzina lake Vanessa. Tsiku lokamuona anthu anabwera ndi zitenje, mabeseni, sopo, matewera, azakhali ena mpaka nkhuku yamoyo m'jumbo, mutu uli kunja. Ine monga mayi wake wamkulu ndinkafuna mphatso yoti isathe ndi kuchapa. Ndiye ndinaona pa WhatsApp mnzanga wa kuntchito ataika chithunzi cha felemu ya mwana wake: dzina lodulidwa pathabwa, pansi pake tanthauzo, tsiku lobadwa ndi kulemera kwake. Ndinapempha nambala ya mnyamata amene anaipanga.

Kashopu kake kali ku Limbe, chipinda chimodzi, mbali iyi telala, mbali inayo wokonza mafoni. Dzina sinditchula, chifukwa ndili ndi dandaulo, ndipo mnyamata wake si woipa mtima ayi. Komanso mashopu oterewa angoti mbwee masiku ano, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ndipo sindikukhulupirira kuti vuto limene ndinalipeza ndi la iye yekha.

Ndinamulembera Lolemba m'mawa, anayankha tiyi ndisanamalize. Mitengo ananena mosazungulira: felemu ya saizi ya A4 K22,000, ya A3 K35,000, kapu yolembedwa dzina K10,000. Ndinasankha felemu yaing'ono ndi kapu imodzi, theka la ndalama n'kutumiza pa Airtel Money, linalo pokatenga. Anafunsa dzina, tsiku, ola, makilogalamu ndi mtundu umene ndikufuna. Kenako anawonjezera kuti, "Tanthauzo la dzina tikupezerani ife, madam, musavutike." Ine n'kuyankha ndi kachala kaja koloza m'mwamba. Safunsa anadya phula. Munthu woti ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka 19, ndinalephera kunena kuti nditumizireni ndione kaye musanasindikize. Naye sanaganize zotumiza. Kulakwa kumeneku tigawana pakati.

Analonjeza Lachisanu, katundu anatheka Lachiwiri la sabata yotsatira. Akuti magetsi. Zimenezo sindingamuweruze nazo, tonse tikukhala m'dziko lomweli, ndipo anaimba yekha Lachinayi madzulo kupepesa, sanadikire kuti ndiyambe ndine kumusaka. Amene munasoketsapo diresi la ukwati mukudziwa kuti khalidwe limeneli ndi losowa.

Ntchito ya manja ndiyoyamikika. Anakulunga m'nyuzipepala ziwiri n'kuika m'katoni, m'makona atatchinjiriza ndi zidutswa za thovu. Felemuyo ndi ya thabwa lenileni lopaka utoto wakuda, makona anayi onse akumana bwino, palibe mpata woti n'kulowetsa chikhadabo. Kutsogolo ndi galasi, osati pulasitiki uja amachita chifunga pakatha miyezi itatu. Zilembo zisanu ndi ziwiri za dzinalo anazidula pa kathabwa kopyapyala, n'kuzipaka golide, n'kuzimata papepala lokhuthala la mtundu wa mkaka, moti dzuwa likalowa pawindo zimagwetsa kamthunzi. Pansi pa "s" wachiwiri pali kadontho ka guluu, koma muyenera kuyandikiza mphuno kuti mukaone. Mbali ndi mbali agulugufe awiri a pinki. Fungo la vanishi linatenga masiku atatu kuti lithe, choncho musathamangire kuipachika m'chipinda chogona khanda. Chofooka chili kumbuyo: kokolekera ndi kachitsulo kopepuka kogwidwa ndi kamsomali kamodzi, ndipo chotsekera ndi katoni wamba, woti nyumba yodontha sangaone dzinja ziwiri.

Ndinasangalala mpaka pamene ndinavala magalasi. Pansi pa dzina panalembedwa m'Chingerezi kuti Vanessa ndi dzina la Chigiriki, tanthauzo lake gulugufe, ndipo mwini dzinali amakhala wofatsa, wanzeru, wokonda anthu ndiponso wobadwa mtsogoleri. Mwana wa sabata zitatu, amene ntchito yake ndi kuyamwa ndi kulira. Za utsogolerizo ndinangoseka. Koma za Chigiriki zinandikhala pakhosi, chifukwa si zoona, ndipo nkhani yeniyeni ndinaimva kalekale tili ku koleji ku Domasi.

Dzina la Vanessa silinachokere m'chilankhulo chilichonse. Analipanga ndi munthu mmodzi, ndipo timamudziwa: Jonathan Swift, wobadwira ku Dublin m'dziko la Ireland mu 1667, wansembe wa mpingo wa Anglican komanso mlembi wa lilime lakuthwa, yemwe uja analemba Gulliver's Travels. Cha m'ma 1707 anadziwana ndi mtsikana wina, Esther Vanhomrigh, mwana wa munthu wamalonda wa mtundu wa Chidatchi amene anakhalapo meya wa mzinda wa Dublin. Bambowo anali atamwalira, banja linasamukira ku London. Swift anali ndi zaka 40, mtsikanayo asanakwane n'komwe 21. Ankapita kunyumba kwawo, kumuwerengetsa mabuku, kumuphunzitsa. Zotsatira zake mukuzidziwa kale, sizinayambe lero: wophunzira anagwa m'chikondi ndi mphunzitsi.

Swift anali ndi chizolowezi chopatsa anthu mayina akeake. Anatenga "Van" wa kumayambiriro kwa Vanhomrigh, n'kulumikiza ndi "Essa", kachidule kosangalatsira ka Esther, n'kutuluka Vanessa. Basi. Palibe Mgiriki anafunsidwa. Analemba ndakatulo yaitali yotchedwa Cadenus and Vanessa, yonena za ubwenzi wawo. Cadenus ndi iye mwini: mu 1713 anapatsidwa udindo wa Dean wa tchalitchi chachikulu cha St Patrick's ku Dublin, udindo umene m'Chilatini umatchedwa decanus, ndiye anangosokoneza zilembozo. Munthu wa masewera a mawu, mpaka dzina lake lomwe.

Nkhani yake siikoma kumapeto. Swift anali ndi Esther wina, Esther Johnson, amene ankamutchula kuti Stella, ndipo ameneyo ndiye anali wa pamtima kuyambira kale. Mayi a Vanessa atamwalira mu 1714, mtsikanayo anamutsatira Swift ku Ireland, n'kukakhala ku Celbridge, kunja kwa Dublin, kudikira munthu wobwera mwa apo ndi apo. Anamwalira mu 1723 ali ndi zaka za m'ma 35, wosakwatiwa. Ndakatulo ija inasindikizidwa mu 1726, mwini dzina atagona kale zaka zitatu m'manda, ndipo ndi pamene dziko linaliona dzinali koyamba. Swift anamwalira mu 1745, anaikidwa m'tchalitchi chake chija pafupi ndi Stella. Ine pankhaniyi ndili mbali ya Vanessa, ndipo abusawo sindiwakhululukira ngakhale analemba bwino.

Nanga gulugufe akulowa pati? Alipo, koma anabwera mochedwa. Mu 1807, patatha zaka 81 ndakatulo ija itatuluka, katswiri wa tizilombo wa ku Denmark, Johan Christian Fabricius, amene anaphunzira kwa Linnaeus, katswiri wotchuka wopatsa zamoyo mayina a sayansi, anapatsa gulu lina la agulugufe dzina la sayansi lakuti Vanessa. M'gulu limeneli muli Vanessa cardui, wa mapiko ofiirira ngati njerwa yootcha, kunsonga kwakuda kokhala ndi madontho oyera. Ameneyu kuno ku Africa aliko, ndipo ndi wapaulendo woopsa: amadutsa chipululu cha Sahara kupita ku Ulaya, mibadwo ikusinthana m'njira. Choncho gulugufe analandira dzinali pambuyo, mtsikana ndiye anali nalo poyamba. Agiriki akale gulugufe ankamutcha psyche, liwu lomwelo lotanthauza mzimu, ndipo a lero amati petalouda. Vanessa mulibemo.

Loweruka ndinakwera minibasi ndi felemu yanga pamiyendo. Ndinamupeza akusita dzina pa tisheti, makina akutulutsa nthunzi.

"Achimwene, tanthauzo ili munalitenga kuti?"

"Pa Google, madam." Anapukuta manja, n'kutulutsa foni, n'kundionetsa. Zoonadi, masamba angapo a mayina a ana analemba chimodzimodzi, ena mpaka mawu ake ofanana ngati ana okoperana mayeso. "Mwaona? Onse akuti gulugufe. Ma Vanessa ndapanga ambiri ine, palibe anabwererapo."

Ndinamufotokozera za Swift, za Esther awiri, za 1726 ndi 1807. Anamvetsera, ndimuyamikire, sanachite makani ngati ena amene ukawadzudzula amayamba kukuwerengera zaka zimene akhala pantchito. Telala wa khomo linalo anaimitsa makina n'kusuzumira. Nditamaliza mnyamatayo anakanda m'mutu.

"Ndiye madam, ndilembe kuti chiyani? Kuti dzina la chibwenzi cha abusa?"

Telala anaseka mpaka kutsokomola. Nane ndinaseka, chifukwa funsolo linali ndi nzeru. Bizinezi yake imagulitsa tanthauzo la mzere umodzi, lokoma, loti mayi akaliwerenga amwetulire. Dzina lopanda tanthauzo lotere ndi katundu wovuta kugulitsa, ndiye pamene palibe amangotola chimene wapeza.

Podikira kuti amalize tisheti ija ndinayendetsa maso pa mafelemu ena amene anali pakhoma kudikira eni ake. Apa ndi pamene ndinaona kuti mawu aja akuti wofatsa, wanzeru, wobadwa mtsogoleri ali pa felemu iliyonse, ya mnyamata ndi ya mtsikana yomwe, osasintha ngakhale chilembo. Ndinamufunsa, anavomera kuti ndi ndime imodzi imene anaisunga mu kompyuta. Ngati mukuganiza kuti amakhala pansi kusinkhasinkha za mwana wanu, pepani. Pa mayina athu salakwitsa: Chisomo, Tadala, Takondwa, ngakhale Lusungu wa Chitumbuka ndi Upile wa Chiyao, matanthauzo ake anali olondola, ngakhale ndinadabwa kuti Mmalawi akulipira ndalama kuti auzidwe m'Chingerezi chimene Chikondi amatanthauza. Natasha analemba kuti ndi la ku Russia, logwirizana ndi tsiku la Khirisimasi, ndipo pamenepo anakhoza, chifukwa ndi chidule cha Natalia. Panalinso Nevaeh, limene linafala ku America kuyambira cha m'ma 2000, ndipo anadziwa kuti ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kumwamba, kuliwerenga chobwerera. Amene ayenera kuchenjera ndi a mayina opangidwa kapena kufalitsidwa ndi alembi a mabuku: Pamela, amene anamupanga Philip Sidney m'zaka za m'ma 1500, Miranda ndi Jessica a m'masewero a Shakespeare, Wendy. Mayina amenewa pa intaneti amawapachika matanthauzo ngati zovala za pa kaunjika, chimene chakwana chomwecho.

Anandifunsanso funso lina limene ndinalikonda: ngati dzinali ndi la kale choncho, bwanji agogo athu analibe? Ngakhale kwawo komweko linagona nthawi yaitali. Linayamba kumveka ndi anthu ochepa otchuka, monga wojambula zithunzi wa ku England Vanessa Bell, wobadwa mu 1879, ndi katswiri wa zisudzo Vanessa Redgrave, wobadwa mu 1937. Ku America, kumene boma limasunga mndandanda wa mayina a ana obadwa chaka chilichonse, linalowa pa mayina 1,000 otchuka mu 1950, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 linali pakati pa 100 apamwamba. Mu 1983 Vanessa Williams anakhala mkazi wakuda woyamba kupambana mpikisano wa Miss America, kenako n'kutchuka pa kuimba ndi mafilimu. Ku Germany linakondedwa kwambiri m'ma 1990. Kuno kwathu ku Africa taonani zaka zobadwa za amene timawamva: woimba wa ku Tanzania Vanessa Mdee ndi wa 1988, Vanessa Nakate wa ku Uganda, womenyera nkhani za kusintha kwa nyengo, ndi wa 1996. Ndi mbadwo umodzi.

Ine umboni wanga ndi kaundula wa m'kalasi. Ndili ku pulayimale kumudzi m'ma 1980, atsikana tinali a Mariya, Rute, Agnesi, Feliya, pamodzi ndi a Mavuto ndi a Nditani. Vanessa sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe. Nditayamba kuphunzitsa anayamba kutulukira mmodzimmodzi, ana a m'tauni, kenako chaka china ndinali nawo atatu mu Fomu 2 imodzi, aliyense kalembedwe kakekake: Vanessa, Vanesa, Venessa. Pa nthawi yolembetsa mayeso zinkatidwalitsa mutu. Ndimaganiza kuti anabwera nalo ndi mavidiyo a m'misika, magazini, ndi wailesi ya kanema imene dziko lino linatsegula mu 1999. Alamu anga nditawafunsa chifukwa chimene analisankhira, yankho lawo linali lalifupi: "Limangokoma kutchula, achemwali." Sindinawatsutse. Limatha ndi "a" ngati mawu athu, mulibe zilembo zoluma lilime, agogo akumudzi amalitchula osapunthwa.

Tinagwirizana zosindikizanso pepala lokha, zilembo za golide azimatule n'kuzimatanso. Anati K5,000. Ndinati kulakwa si kwanga ndekha. Tinathera pa K3,000, ndipo mpaka lero ndimaona kuti anayenera kungokonza ulere, poti amene analonjeza kupeza tanthauzo ndi iye. Mawu ndinalemba ndekha pa kapepala, m'Chichewa: "Vanessa. Dzina lopangidwa ndi mlembi Jonathan Swift wa ku Ireland kuchokera ku dzina la Estere. Mu 1807 linapatsidwanso kwa agulugufe." Za ufatsi ndi utsogoleri ndinati achotse, mwana adzadzionetsa yekha. Agulugufe a pinki aja ndinawasiya, ali ndi ufulu wokhalapo. Ulendo uno anatumiza chithunzi asanasindikize, ndipo zinathandiza, chifukwa anali atalemba "kuchokela" ndi "mulembi". Chichewa chikuoneka kuti sachilemba kawirikawiri, akuti makasitomala ake onse amafuna Chingerezi. Inatheka m'masiku awiri. Potsegula kumbuyo kachitsulo kamodzi mwa tinayi totsekera kanathyoka, anangomatapo tepi. Kutsogolo sizioneka.

Kapu ija, yoyera ndi dzina la pinki, yakhala ikugwira ntchito miyezi iwiri tsopano. Mbali imene amatsuka ndi siponji ili bwinobwino. Tsiku lina wina anaipala ndi waya wotsukira mapoto, "V" anachoka theka. Mnyamatayo sanandichenjeze, koma pamenepo nzeru ndi zaumwini. Pa K10,000 ndi yokwera, kapu yake ndi yomwe ija ya m'mashopu a ku Limbe komweko.

Ndingabwererenso? Felemu inde, makamaka ngati dzina ndi lathu kapena mawu mwabweretsa nokha. Manja ali nawo, nthawi amayesetsa, ndipo ukamudzudzula satupa. Koma tanthauzo musamusiyire. Lembani nokha, muone chithunzi asanasindikize, muuzeni achotse ndime ya makhalidwe ija, ndipo mukafika kunyumba musinthe kokolekera. Kwathu alamu anachita kuboola n'kumanga waya.

Mng'ono wanga, kunena zoona, anakonda yoyamba ija. Nditafika nayo Lachiwiri lija ndinali nditamutumizira chithunzi ndisanawerenge bwino, iye n'kuchiika pa Facebook pompo, anthu n'kuyamba kumutcha mwanayo kagulugufe. Nditabweretsa yokonzedwayo anaiyang'ana nthawi yaitali. "Achemwali, inu ndi usukulu wanu. Gulugufe analakwa chiyani?" Ndinamuonetsa kuti akadalipo, mzere womaliza. Sanakhutire kwenikweni.

Amene sindinawaganizire ndi amayi. Iwo dzinali sanalilandire kuyambira tsiku loyamba. Ankati ndi dzina lopanda mutu, ndipo mwanayo ankamuitana ndi dzina lake lachiwiri, la Chichewa, limene anapereka agogo ake akuchimuna. Anabwera kuchokera kumudzi mu Ogasiti ndi thumba la mtedza, anakhala pampando, felemu ili pakhoma moyang'anana nawo. Chifukwa inali m'Chichewa anatha kuiwerenga okha, pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba ngati akutsata nyimbo ya m'buku. Atafika pa mzere wachiwiri anaima. Amayi dzina lawo la ubatizo ndi lomwelo la mfumukazi ya m'Baibulo, Hadasa uja wa pa Estere 2:7, ngakhale kumudzi palibe amawaitana nalo, onse amatchula la mfunda.

"Iwe, apa akuti chiyani? Estere wake uti?"

Ndinawafotokozera kuti theka la dzina la mwanayu ndi Estere wofupikitsidwa. Za wansembe ndi ma Esther ake awiri ndinadumpha, amayi ndi a chigwirizano, zikanawononga tsiku.

Anakhala chete, kenako anatambasula manja kuti awapatse mwana. "Ndiye bwanji osanena kale kuti ndi mnzanga wa dzina?" Anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kutulutsa K2,000 yopindidwa kanayi, n'kumufumbatitsa m'kadzanja. Kuyambira tsiku limenelo akaimba foni amafunsa kuti Esitere wamng'ono wadzuka bwanji. Alamu anga, amene anasankha dzinali chifukwa loti ndi lamakono, amangondiyang'ana ndi diso la kumbali.